Dimba lomwe linkadyetsedwa sabata ziwiri zilizonse koma osakhuta: lipoti la mlangizi

Mayi amene anandiitana ku dimba lawo anandilonjera ndi funso limene ndimalimva pafupifupi sabata iliyonse: "Alangizi, ndigule feteleza uti wamphamvu kuposa ameneyu?" Anali atanyamula thumba lotsala theka, kukamwa kwake atamangako ndi kachingwe. Ndinawapempha kuti aliike kaye pansi tiyambe tayenda m'dimbamo. Ndalemba pano zimene ndinapeza, zimene tinachita pa miyezi 9 yotsatira, ndiponso pamene ine mwini ndinaphonya. Vuto la dimba limeneli ndi lofala kwambiri, ndipo amene amagwira ntchito ngati yanga angalizindikire msanga kuposa mmene ndinachitira ine.

Mbiri ya dimba

Dimbalo linali ndi mabedi 12, lililonse mita 1 m'lifupi ndi mamita 10 m'litali. Madzi ankatunga pachitsime n'kumathirira ndi kheni. Dothi lake linali lamchenga wosakanikirana ndi dothi lofiira pang'ono. Nditalinyowetsa n'kulifinya m'manja linagwirana, koma nditayesa kulipota kuti likhale ngati chingwe linangoyoyoka. Dothi lotere silisunga madzi nthawi yaitali, ndipo chakudya cha mbewu sichichedwa kutsikira pansi ndi madzi othirira.

Mayiwa anali atalima pamalopo zaka 6 osapumitsa bedi ngakhale limodzi. Zaka ziwiri zoyamba zinthu zinkayenda bwino popanda kuthira kanthu, chifukwa malowo anali atagonera nthawi yaitali. Chaka chachitatu kabichi anayamba kumanga timitu tating'ono. Munthu wina anawauza za feteleza woyera wonga shuga, amoniyamu salifeti, amene amapereka nayitirojeni, ndipo atathira koyamba masamba anabiriwira m'masiku ochepa. Kuyambira pamenepo anamukhulupirira. Akaona chikasu ankathira, chikasu chikabwerera ankathiranso, mpaka zinafika pothira sabata ziwiri zilizonse, dzanja lodzaza kangapo pa bedi. Zotsalira za mbewu ankazizula n'kukazitentha kunja kwa mpanda kuti m'dimba muzioneka mwaudongo. Manyowa anali asanathirepo chiyambire.

Zimene ndinaona

Ndinayambira pa bedi la kabichi. Masamba akunsi anali achikasu pakati pa mitsempha, mitsempha yokhayo ndi imene inatsala yobiriwira. Chizindikiro chimenechi chikaoneka pa masamba akale nthawi zambiri chimaloza kuchepa kwa maginiziyamu, chimodzi mwa zakudya zimene mbewu imatenga m'dothi. Kuchepa kwa nayitirojeni kumayambiranso kunsi, koma tsamba lonse limasanduka chikasu ndi mitsempha yomwe. Kusiyana kwake n'kochepa kwa munthu wongodutsa, ndipo n'chifukwa chake mayiwa ankangowonjezera nayitirojeni pa mbewu imene inkalira china.

Pa tomato nkhani inali ina. Mitengo yake inali yaitali, yamasamba ambiri obiriwira mochita kuda, yokongola ndithu kwa woiona ali kutali. Chikomekome cha mkuyu. Maluwa ambiri anali atayoyoka, ndipo zipatso zochepa zimene zinagwira zinali ndi chilonda chakuda cholowa mkati kunsi kwake. Nyemba zinali zopinimbira. Ndinazula phata limodzi n'kulitsuka mu ndowa: mizu inali yaifupi, yonenepa kunsonga ngati yodulidwa, yopanda timizu tating'ono tambiri timene timamwa madzi. Timibulu ta pamizu timene nyemba zimasungiramo tizilombo tokoka nayitirojeni wa mumpweya tinalipo tiwiri kapena titatu, ndipo nditaphwanya kamodzi ndi chikhadabo mkati munali motuwa. Kabulu kamene kakugwira ntchito kamakhala kofiirira mkati.

Kenako ndinapempha khasu. Ndinakumba maenje 6 m'mabedi osiyanasiyana, akuya ngati kutalika kwa mpeni wa khasulo, ndipo m'maenje onsewo sindinapeze nyongolotsi ngakhale imodzi. Dothi linalibe fungo lija la nthaka yamoyo. Pamwamba pa mabedi ena panali kachikhakha kouma kamene madzi a m'kheni ankayenderera pamwamba pake n'kukagwera m'njira.

"Mayi, kodi mukathirira m'mawa, masana dothili limakhala bwanji?"

"Limakhala ngati sindinathirepo n'komwe, alangizi."

Kupima dothi

Mizu yonenepa kunsonga ija inandipatsa kale chithunzi chakuti m'dothi mwachuluka asidi, komabe sindimalangiza laimu, ufa wochotsa asidi m'dothi, ndisanapime. Ndinatapa dothi m'malo 15 a dimba lonse, kuyambira pamwamba mpaka masentimita 20 pansi, n'kulisakaniza mu ndowa yoyera yapulasitiki. Lina ndinaliyeza pomwepo ndi kachipangizo ka m'thumba, lina tinalitumiza ku labotale. Ndinatapanso padera dothi la kunja kwa mpanda, pamalo amene sanalimidwepo, kuti tione kumene dimbalo linachokera.

Pa pH, muyeso wa kuchuluka kwa asidi, dothi la kunja linasonyeza 6.1. La m'dimba linasonyeza 4.9. Manambalawa akuoneka oyandikana, koma muyeso wa pH, umene Søren Sørensen wa ku Denmark anauyambitsa mu 1909, umayenda mochulukitsa kakhumi: kutsika ndi nambala imodzi ndiye kuti asidi wachuluka kakhumi. Mbewu zambiri za m'dimba zimakondwa pakati pa 6 ndi 7. Dothi likatsika kupitirira 5.5, aluminiyamu amene amakhala womangika m'dothi amayamba kusungunuka, ndipo ndi iye amene amapha nsonga za mizu. M'dothi lomwelo fosifolasi amagwidwa ndi aluminiyamu ndi chitsulo, n'kukhala pomwepo mbewu osatha kumutenga. Kashiamu ndi maginiziyamu amakhala atatsukidwa kale. Zotsatira za ku labotale zinagwirizana ndi zimenezi: maginiziyamu ndi kashiamu ochepa, potaziyamu wochepa, zowolerana m'dothi zochepa kwambiri.

Asidiyo anachokera m'thumba lija. Feteleza aliyense wa amoniyamu akalowa m'nthaka, tizilombo tosaoneka ndi maso timamusintha kukhala nayitireti, ndipo posinthapo m'dothi mumatsala asidi. Yureya amachitanso zomwezo, koma amoniyamu salifeti amaposa onse: pa nayitirojeni wofanana, amasiya asidi wochuluka kawiri kapena katatu kuposa yureya. Zimenezi zinaoneka kalekale ku Rothamsted, ku England, pa munda woyeserera wa udzu wotchedwa Park Grass umene unayamba mu 1856 ndipo ulipobe. Zigawo zimene zakhala zikulandira amoniyamu salifeti popanda laimu zinafika pa pH yochepera 4, ndipo mitundu yambiri ya zomera inatheramo. Kumeneko zinatenga zaka zambiri chifukwa amathira kamodzi pachaka. Pa dothi lamchenga lopanda manyowa, lothiridwa dzanja lodzaza sabata ziwiri zilizonse, zaka 4 zinakwanira.

Kufotokozera mwini dimba

Apa ndiye panali ntchito. Munthu amene waona ndi maso ake masamba akubiriwira atathira feteleza sangavomere msanga kuti feteleza yemweyo ndi amene akumupweteka. Ndipo mayiwa sankanama: ankabiriwiradi, kwa masiku angapo.

Kheni yawo ina inali yobooka pambali, chapakati. Ndinaitenga n'kuwapempha kuti aidzaze. Anathira ndowa imodzi, madzi anafika pabowo n'kuyamba kutuluka. Ndinati awonjezere. Anaseka. "Nanga si angotayika?" Ndinawauza kuti dimba lawo lafika pamenepo. Zokolola zimalekezera pa chinthu chimene chaperewera kwambiri, ngakhale zina zonse zitachuluka bwanji. Mfundo imeneyi anaiyamba ndi Carl Sprengel cha m'ma 1820, ndipo Justus von Liebig ndi amene anaitchukitsa pambuyo pake. M'dimba la mayiwa bowo linali pa asidi ndi pa kusowa kwa zowolerana, pomwe iwo ankathira nayitirojeni pamwamba.

Kenako tinakhala pansi ndi thumba lija kuwerenga zolembedwa. Ndimadabwa nthawi zonse kuti anthu ambiri amene agwiritsa ntchito feteleza zaka zambiri sanauzidwepo tanthauzo la manambala atatu a pathumba. Yoyamba ndi nayitirojeni, amene amakulitsa masamba ndi tsinde. Yachiwiri ndi fosifeti, ndiye fosifolasi uja, wothandiza mizu, maluwa ndi njere. Yachitatu ndi potashi, ndiye potaziyamu uja, amene amalimbitsa mbewu, kuyendetsa madzi m'thupi mwake ndi kukometsa zipatso. Nambala iliyonse ikunena magawo pa 100 a kulemera kwa thumba. Pa thumba lawo panalembedwa 21-0-0, ndi salifa 24. Ndiye kuti kwa zaka 4 tomato wawo sanalandirepo fosifeti kapena potashi ngakhale kambewu kamodzi, pomwe zokolola zilizonse zinkachotsa zimenezi m'dothi. Yureya ali ndi nayitirojeni 46 ndipo alibe china chilichonse. CAN ali ndi 26 kapena 27, ndipo popeza amasakanizidwa ndi laimu pomupanga, sawonjezera asidi kwenikweni. DAP ndi 18-46-0. Potashi wa kolorayidi ali ndi 60, wa salifeti ali ndi 50. Feteleza wosakaniza monga 10-10-10 kapena 15-15-15 amapereka zitatu zonse pamodzi.

Mawu akuti "wamphamvu" ndimawakana chifukwa cha masamu awa. Tinene kuti bedi la masikweyamita 10 likufuna magalamu 100 a nayitirojeni. Wa yureya mufunika magalamu pafupifupi 217. Wa CAN, 370. Wa amoniyamu salifeti, 476. Mbewu ilandira nayitirojeni yemweyo m'njira zitatu zonsezi. Kusiyana kuli pa zimene zimatsala m'dothi, ndi zimene zimatayika. Yureya akangomwazidwa pamwamba pa dothi lotentha osakwiriridwa kapena kuthiriridwa, gawo lina limauluka ngati mpweya wa amoniya, ndipo nthawi zina fungo lake limamveka ndithu ukawerama.

Laimu

Chinthu choyamba chinali kuchotsa asidi. Ndinasankha laimu wa dolomaiti chifukwa ali ndi kashiamu ndi maginiziyamu womwe, ndipo dimbalo linkasowa zonse ziwiri. Ndinawachenjeza kuti asatenge laimu wopakira nyumba kapena womangira, amene ndi waukali ndipo amawotcha manja ndi mizu. Tinayamba ndi magalamu 200 pa sikweyamita, ndiye kuti makilogalamu 2 pa bedi, n'kumusakaniza ndi dothi mpaka masentimita 15 kapena 20. Laimu sayenda msanga m'nthaka. Womwazidwa pamwamba pokha amakonza kachigawo kakang'ono ka pamwambapo. Sindinafune kuthira wambiri nthawi imodzi. Dothi lamchenga limasintha msanga, ndipo likapitirira 7 mavuto ena amayamba: chitsulo, manganizi ndi zinki zimamangika, masamba anthete n'kuyamba kuyera. Kuwonjezera laimu n'kosavuta, koma kumuchotsa atachuluka ndi ntchito ya zaka.

Mayiwa anafunsa za phulusa, popeza anali nalo lambiri. Phulusa la nkhuni zoyera limachotsanso asidi ndipo lili ndi potashi ndi kashiamu, koma nayitirojeni mulibe, anapita ndi utsi. Ndinavomera kuti azithira pang'ono, dzanja limodzi pa sikweyamita, pa mabedi amene sanalandire laimu wokwanira, bola lisakhale la matabwa opakidwa penti kapena mankhwala, kapena la zinyalala zosakanikirana ndi mapulasitiki. Ndinawauzanso kuti phulusa kapena laimu zisakumane tsiku limodzi ndi yureya, feteleza wa amoniyamu kapena zitosi zaziwisi, chifukwa zimathamangitsa nayitirojeni kupita mumpweya. Pakati pake pazidutsa sabata zitatu kapena zinayi.

Bedi la nambala 12 anakana kuti ndilikhudze. Anati akufuna apitirize mmene amachitira kuti aone okha. Ndinasangalala nazo kuposa mmene iwo ankaganizira, chifukwa mlangizi sapeza kawirikawiri bedi loyerekezera limene mwini wake walipereka yekha.

Manyowa: pamene tinakhalitsa

Laimu amachotsa asidi koma sapangitsa dothi kusunga madzi. Ntchito imeneyo ndi ya zowolerana. Mayiwa akanatha kupeza zitosi za nkhuku, ndowe za ng'ombe ndi utuchi, ndipo funso linali lakuti atenge ziti.

Zitosi za nkhuku ndi zaukali kuposa ndowe za ziweto zina. Zili ndi nayitirojeni ndi fosifolasi wochuluka ndipo zimagwira msanga, koma zaziwisi zimawotcha mbande ndi amoniya ndi mchere wake. Ndowe za ng'ombe ndi zofatsa. Chakudya chake n'chochepa pa kilogalamu, koma zimawonjezera thupi la dothi. Vuto lake ndi njere za udzu zimene zimadutsa m'mimba mwa ng'ombe zili zamoyo. Zonse ziwiri zikakhala zaziwisi zingathe kunyamula tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba monga Salmonella ndi E. coli, ndipo m'dimba mmene muli mbewu zodyedwa zosaphika imeneyi si nkhani yoseweretsa. Malamulo a ulimi wosagwiritsa ntchito mankhwala ku United States amati manyowa osawola alowe m'dothi masiku 120 kukolola kusanafike ngati gawo lodyedwa limakhudza dothi, ndi masiku 90 ngati silikhudza. Ine ndimagwiritsa ntchito manambala omwewo polangiza, chifukwa ndi osavuta kukumbukira.

Tinagwirizana zounjika mulu wa kompositi. Zouma monga udzu, masamba ogwa ndi mapesi zimapereka kaboni. Zaziwisi monga zotsalira za mbewu, zitosi ndi ndowe zimapereka nayitirojeni. Tizilombo towoletsa timagwira bwino ntchito pakakhala magawo 25 mpaka 30 a kaboni pa gawo limodzi la nayitirojeni, koma m'dimba palibe amene amayeza zimenezo. Ndinawauza kuti aziyala zouma zochuluka kawiri kapena katatu kuposa zaziwisi, mosinthanasinthana, n'kumawaza madzi mpaka akafinya m'dzanja pazituluka kadontho kamodzi kapena kawiri. Mulu usachepere mita 1 mbali zonse, apo ayi sutentha. Pakati tinazikapo ndodo. Tsiku lachinayi anaizula n'kuigwira, ndipo anaitaya pansi msangamsanga. Kutentha kumeneko, kwa madigiri 55 mpaka 65, ndi kumene kumapha njere za udzu ndi tizilombo ta matenda. Zam'mbali sizitentha, n'chifukwa chake mulu umatembenuzidwa kuti zakunja zilowe mkati. Mulu woyamba unanunkha amoniya sabata yachiwiri chifukwa anachulutsa zitosi. Tinawonjezera udzu wouma potembenuza ndipo fungo linatha. Pa sabata ya 11 unali utada, wozizira, wofumbutuka m'manja, wonunkhira ngati dothi la pansi pa mitengo.

Ndowe zochokera kwina ndimaziyesa kaye. Pali mankhwala ena ophera udzu m'malo odyetsera ziweto, monga aminopyralid, amene amadutsa m'mimba mwa ng'ombe kapena kavalo osawonongeka, n'kukhalabe m'ndowe ngakhale zitawola. Mu 2008 alimi ambiri a madimba ku Britain anaonongekeredwa tomato, nyemba ndi mbatatesi chifukwa cha zimenezi. Kuyesa kwake n'kosavuta: timiphika tiwiri ta dothi losakaniza ndi manyowawo, tiwiri ta dothi lokha, m'kamphika kalikonse nyemba zitatu. Masamba atsopano akatuluka opiringizika ngati chikho, manyowawo asalowe m'dimba. Manyowa a mayiwa anapambana mayesowo.

Chinthu chimodzi ndinanena mosabisa, ngakhale ena okonda manyowa sakondwera nacho. Kompositi wabwino nthawi zambiri amakhala ndi nayitirojeni wa gawo limodzi kapena awiri pa 100 akauma, ndipo wochepa chabe mwa ameneyu ndi amene amamasuka chaka choyamba. Pa dothi loguga ngati limeneli, kabichi sangadikire. Mbewu siidziwa kuti nayitireti amene ikumwa wachokera m'thumba kapena m'khola, imamwa yemweyo. Pa munda wa tirigu wa Broadbalk, ku Rothamsted komweko, umene unayamba mu 1843, zigawo za manyowa a m'khola ndi zigawo za feteleza wokwanira zonse zakhala zikupereka zokolola zambiri, koma dothi la zigawo za manyowa lili ndi zowolerana zochuluka kwambiri kuposa linalo. Choncho tinagwiritsa ntchito zonse ziwiri, chilichonse pa ntchito yake.

Pamene ndinaphonya

Tikudikira kompositi, ndinawauza mayiwa kuti utuchi angaugwiritse ntchito pophimbira. Ndinanena mawu amenewo ndikutsanzika, ndili kale pachipata, ndipo sindinafotokoze kuti ukhale pamwamba pokha. Iwo anamva kuti utuchi ndi wabwino ku dothi. Anathira mawilibala awiri pa bedi la nambala 4 n'kuugaulira pansi bwinobwino, kenako n'kuwokeramo mbande za kabichi. Nditabwera patatha sabata zitatu, bedi lonse linali lachikasu, tsamba lonse ndi mitsempha yomwe, mbande zitaima pamene anaziwokera.

Utuchi uli ndi kaboni wochuluka kambirimbiri kuposa nayitirojeni, magawo mazana angapo pa gawo limodzi. Tizilombo tikayamba kuudya timafuna nayitirojeni womangira matupi awo, ndipo timalanda yense amene ali m'dothi, mbewu n'kutsala ndi njala. Nayitirojeniyo amabwerera ndithu tizilomboto tikafa, koma patapita miyezi. Ndinawauza kuti cholakwacho chinali changa. Tinapulumutsa bedilo ndi CAN, magalamu 150 kawiri motalikirana sabata ziwiri, koma kabichi wake anachedwa pafupifupi mwezi ndipo mitu inali yaing'ono. Kuyambira pamenepo malangizo a muyeso ndi kathiridwe ndimawalemba papepala, ndipo ndimapempha mwini dimba andibwerezere asanandiperekeze.

Kadyetsedwe ka bedi lililonse

Kompositi atapsa, bedi lililonse linalandira ndowa zazikulu 4 kapena 5, zosakanizidwa ndi dothi la pamwamba. Pobzala tinathira feteleza wosakaniza wa 10-10-10, magalamu 60 pa sikweyamita, m'kangalande kotalikira masentimita 5 kuchokera pa mzere wa mbande ndi kuzama pang'ono kuposa mizu yake. Fosifeti sayenda m'dothi, choncho amayenera kuikidwa kumene mizu idzafike, nthawi yobzala. Kumuthira pamwamba mbewu itakula n'kungotaya. Feteleza asakhudze tsinde kapena njere, chifukwa ndi mchere ndipo amakoka madzi kuchoka mu mbewu.

Dzanja tinalisiya. Tinayeza pa sikelo kuti kachitini kawo kakang'ono kamalowa magalamu angati a feteleza aliyense, n'kulemba ndi msomali pambali pake. Dzanja la munthu mmodzi limatapa mosiyana m'mawa ndi madzulo, ndipo limatapa kwambiri mwini wake akakhala ndi nkhawa.

Mbewu zamasamba ndi kabichi zinkalandira CAN wowonjezera, magalamu 15 pa sikweyamita sabata zitatu zilizonse, dothi lili lonyowa, n'kuthirira pambuyo pake. Pa mchenga pang'onopang'ono kangapo ndi bwino kuposa wambiri kamodzi, popeza nayitireti samatirira ku dothi ndipo amatsika ndi madzi. Tomato tinamuchepetsera nayitirojeni kwambiri, ndipo maluwa atayamba tinamupatsa potashi wa salifeti, magalamu 20 pa sikweyamita. Nyemba zinalandira kompositi ndi theka la feteleza wobzalira basi. Zikapatsidwa nayitirojeni wambiri zimachita ulesi kupanga timibulu tija. Karoti tinamubzala pa bedi limene linalandira kompositi wopsa bwino, chifukwa manyowa aawisi amamupangitsa kuchita mphanda.

Za chilonda chakuda cha tomato chija, mayiwa anali atamva za mankhwala a kashiamu opopera pamasamba. Ndinawaletsa. Chilondacho chimabweradi chifukwa kashiamu sanafike kunsonga ya chipatso, koma kashiamu amayenda ndi madzi kuchokera ku mizu, ndipo wa pamasamba sasamukira ku chipatso. Dothi likamauma n'kunyowa, kuuma n'kunyowa, ulendo wake umadukaduka. Amoniyamu wochuluka amapikisananso naye polowa mu mizu, ndipo masamba ochuluka amakoka madzi onse kusiya zipatso. Mankhwala ake anali laimu amene tinathira kale, kuchepetsa nayitirojeni, kuphimbira ndi udzu wouma, ndi kuthirira mokwanira pa nthawi yofanana tsiku lililonse.

Zotsatira

Mwezi woyamba panalibe chooneka, ndipo mayiwa anandifunsa kawiri ngati laimu uja sanali ufa wamba. Ndinangoti kuona maso a nkhono n'kudekha. Patatha miyezi 3 pH inafika 5.5. Tinawonjezera laimu, magalamu 100 pa sikweyamita, pa mabedi amene anali opanda mbewu. Pa mwezi wa 9 inali 6.0.

Chikasu cha pakati pa mitsempha chinatha pa kabichi wobzalidwa kachiwiri. Tomato anali wamfupi kuposa kale ndipo masamba ake sanali odera monga aja. Mayiwa poyamba anadandaula kuti akuoneka wanjala, mpaka pamene anayamba kuthyola. Chilonda chakuda chinaoneka pa zipatso zochepa za phava loyamba, sabata imene anadwala osathirira bwino, kenako sichinabwerenso. Feteleza wa m'thumba amene analowa m'dimba lonse pa miyezi 9 anali wosakwana theka la amene ankathira kale pa nthawi yofanana. Kuthirira kunachepa kuchoka pa kawiri patsiku kufika kamodzi pa mabedi ophimbira.

Tsiku lomaliza tinazula phata la nyemba pa bedi la nambala 7 ndi lina pa bedi la nambala 12, n'kuwatsuka mu ndowa imodzi. La pa 7 linali ndi ndevu za mizu zodzaza dzanja, timibulu tili ngundangunda, ndipo mayiwa anaphwanya okha kamodzi n'kuona kufiira kwa mkati. La pa 12 linali monga ndinalipezera tsiku loyamba. Tinakumbanso maenje 6 ndipo m'maenje 4 tinapezamo nyongolotsi.

Zotsala

Potaziyamu akadali wochepa malinga ndi kupima kwachiwiri, ndipo m'mphepete mwa masamba akale a tomato munayamba kuwauka chakumapeto. Nyengo ikubwerayi potashi tidzamugawa kawiri. Zowolerana zakwera pang'ono chabe, monga ndinkayembekezera, ndipo pa dothi lamchenga m'malo otentha zimatha msanga, choncho mulu wa kompositi uyenera kukhalapo nthawi zonse, wina ukupsa wina ukuyalidwa. Ndawachenjeza kuti zitosi za nkhuku zikamalowa chaka ndi chaka fosifolasi adzayamba kuunjikana, ndipo zikadzatero 10-10-10 tidzamusiya n'kutsala ndi nayitirojeni ndi potashi okha. Dothi lidzapimidwanso pakatha chaka. Theka la thumba la amoniyamu salifeti lija ndawauza alisunge pouma, lomanga bwino. Lingadzagwire ntchito pang'ono pa anyezi ndi kabichi, mbewu zokonda salifa, pH ikadzakhazikika. Bedi la nambala 12 analithira laimu okha sabata yomweyo, ndisanawauze, ndipo utuchi wotsala uja tsopano uli m'njira za pakati pa mabedi.